Mbalame ya m'Jekete

Mudzi wa Whim,
Corentyne, Berbice.
15 Novembala, 2009.

Okondedwa achimwene a Hemraj,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Indranie, ndiponso kuti kuzizira kumene mumadandaula nako chaka ndi chaka sikunayambe kukulowani m'mawondo. Ine kuno ndilipo, kungoti msana wayamba kundikumbutsa kuti sindinenso mtsikana. Mvula ikuopseza, ngalande ya kutsogolo yadzaza udzu, ndipo a khonsolo akuti abwera kudzalambula, monga ananenera chaka chatha.

Kalatayi ndapatsira a Sookram amene akukwera ndege Lachinayi, pamodzi ndi botolo la tsabola ndi nsomba zouma zija mumazikonda. Ku positi sindinafune kuiponya, chifukwa muli nkhani yosayenera kudutsa m'manja mwa anthu ambiri. Musadabwenso kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pa foni inu simumva, achimwene. Mumayankha munthu asanatsirize, kenako n'kunena kuti khadi ikutha. Ndiye khalani pansi, valani magalasi, muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kumene kuli mtima wanga masiku ano. Mwana wanga Shivanie achira mu Januwale, ndipo ndi mimba yake yoyamba. Iye kubwera kuno sangathe chifukwa cha mapepala ake aja osalongosoka, ndipo chichokereni kuno sindinamukhudzepo ngakhale tsitsi. Inu ndi amene mwamusunga m'chipinda chanu chapansi pamodzi ndi mwamuna wake, inu ndi amene munalemba kalata yondiitana, viza n'kutuluka, ndipo inu ndi amene munalonjeza tikiti. Zimenezi sindinaziiwale ndipo sindidzaziiwala. Ndayamba nazo dala kuti musadzanene kuti mlongo wanu ndi wosayamika.

Tsiku limene ndinakuuzani kuti viza yatuluka, munati ndidzakubweretsereni towa-towa, kambalame koimba kaja ka kwathu kuno. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Koma inu munafotokoza za yanu ija inafa ndi chisanu chaka chatha, ndi mmene Lamlungu m'mawa mumapitira kupaki n'kumangoima manja ali m'thumba, anzanu atapachika timakola tawo akuwerengera mbalame miluzu. Munati zoswedwera komweko zimaimba ngati zili ndi chimfine, yeniyeni ndi yochokera kwathu. Nditanena kuti anthu amamangidwa nazo pabwalo la ndege, mawu anu anasintha. Ndikuwakumbuka bwino: "Drupattie, mwana wako ali pansi pa denga langa, sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikukupempha kanthu kolemera ngati bokosi la machesi, iwe ukuti ukuopa? Ngati sungathe, khala konko." Ndinavomera, chifukwa ndikanatani.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Port Mourant kwa a Bissoon, monga munandiuzira. Mukuwakumbuka, aja ankayenda ndi bambo pa njinga Lamlungu lililonse, aliyense kakhola kake kudzanja. Akalamba, mano atsala owerengeka, koma pakamwa m'pomwe paja. Atangondiona anati, "Mwana wa malemu Ramdeen uyu, kudzagula mbalame? Mayi ako akanakuona pano akanakuthira madzi otsukira mbale." Sananame. Mukudziwa mmene mayi ankadanirana ndi timakola ta bambo, mpaka kumanena kuti anakwatiwa mitala ndi tinthu ta nthenga.

Pansi pa nyumba yawo pali kamdima ndi fungo la zitosi. Timakola tapachikidwa paliponse, pamitanda, pamisomali, tina tophimba ndi nsalu zoyera. Chakumbali kuli khola limodzi lalitali la zobwera kumene, ndipo ndi limene likukana kuchoka m'maso mwanga. Za mmenemo sizinkaimba ayi. Zinkangodziwombetsa pa waya uku ndi uku, zina pamphumi posupuka, nthenga za m'mapiko zomatana ndi ulimbo. Ziwiri zinali zitagona chagada pansi. A Bissoon anazitola akucheza nane za mtengo wa shuga, n'kuziponya m'ngalande osayang'anako.

Ndinawafunsa kumene amazitenga, pakuti tili ana zinkangoti mbwee m'minda ya mpunga kuseri kwa mudzi, koma lero ungayende mpaka miyendo kutupa osamva ngakhale imodzi. Anati kuno zinatha kalekale, ndipo anazimaliza ndi iwo omwe pamodzi ndi bambo athu. Ananena mosanyada komanso mosachita manyazi. Tsopano akuti zimachokera kumadambo a ku Rupununi, kufupi ndi Brazil, zili m'mabokosi pa lole. Otchera amapachika yoweta pamtengo, iyo ikayamba kuimba zakutchire zimabwera kudzalimbana nayo, n'kutera pa ulimbo.

Pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinawafunsa ngati sizimawamvetsa chisoni. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa ngati madzi amanyowetsa. "Chisoni cha chiyani, mwanawe? Kutchire kuli kabawi, kuli njoka, kuli moto wolusa. Kuno imadya, imasamba, imafa ndi ukalamba. Iwe amene umakhala pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amakutsegulira ndani?" Kunena zoona, mbali ina ya mawu awowo sindinaipezere yankho mpaka lero.

Anandisankhira kamodzi kamene kanali katakhalitsako, kakuda bii, pamimba pofiirira, kamlomo kokhuthala. Kuti ndimve mawu ake, anavundukula pang'ono nsalu ya kakhola kena mmene munali yaikazi, n'kuphimbanso msanga. Abale, kanthu kakang'ono ngati kameneko! Kanatukumula chifuwa n'kuyamba kuimba mosapumira, thupi lonse likunjenjemera. A Bissoon anati yaikaziyo ntchito yake ndi yomweyo, kuonetsedwa n'kubisidwa. Kenako anandilangiza kuti nditenge zitatu, chifukwa paulendo wotere sizifika zonse. Ndinakana, ndinati achimwene anena imodzi. Anagwedeza mutu, n'kundipatsa karola kaja amayi timapotera tsitsi, ndi tizidutswa ta neti totseka mbali zonse ziwiri. Anati ndizikalowetsamo tsiku lililonse, lero pang'ono, mawa kuonjezera, mpaka kazolowere kukhalamo ulendo wonse.

Kunyumba ndinakapachika pakhonde pafupi ndi makina anga. Tsiku loyamba kanali duu. Lachiwiri, nditangopondaponda makina, kanayamba. Ndikasiya, nako kusiya. Ndikayambanso, iko n'kukweza mawu ngati kakufuna kugonjetsa makinawo. Ndikaima nthawi yaitali kumwa tiyi kankalira mokalipa, ndiye ndinakatcha a Kapitawo, pokumbukira aja ankathamangitsa bambo kumunda wa nzimbe. Makasitomala obwera kudzayesa madiresi a ukwati ankaiwala chimene abwerera.

Sindikubisirani, ndinakakonda. M'nyumba muno chimwalirireni bambo a Shivanie munali zii, munthu kumalankhula ndi mapoto. Ndinayamba kudzuka m'mawa kukathyola njere za udzu m'mbali mwa ngalande, kukaikira madzi osamba m'kambale, kukatulutsa padzuwa. Tsiku lina ndinadzipeza ndikuyenda nako mumsewu kakhola kali kudzanja, mayi wamkulu ngati ine, ana a sukulu akundiseka. Pamenepo ndinawamvetsa bambo pang'ono, ngakhale kuti ife sanatinyamulepo mosamala chomwecho. Koma madzulo, mbalame zina zikamadutsa kupita kuminda, kankasiya kudya n'kukakamira pa waya wa mbali imeneyo. Ndinkakaphimba msanga ndi nsalu, ndipo sindikudziwa ngati ndinkachitira iko kapena ine.

Mukukumbuka Lamlungu lija ndinayandikiza foni pakakhola. Munaseka ngati mwana, achimwene. Ndinali ndisanakumveni mukuseka choncho chimwalirireni mayi. Munaitana alamu kuti adzamve, n'kunena kuti tikiti mugula kumapeto kwa mwezi uno. Tsiku limenelo ndinadziuza kuti mwina palibe choipa chimene ndikuchita.

Ntchito ya karola ndi imene inkandidwalitsa. Umakagwira m'dzanja, kamtima kake kakugunda pa zala, n'kupinda mapiko, n'kukankhira mutu patsogolo, kenako kumanga neti ndi mphira. Tsiku loyamba nditakatulutsa kanakhala pansi m'kakhola kukamwa kuli yasa, ndipo sikanaimbe mpaka mawa lake. Ndinapitiriza. Patapita masabata kanasiya kulimbana nane, kankangotseka maso ndikakagwira. A Bissoon anati ndiye kuti kazolowera. Ndinatenga jekete ya chisanu ija alamu ananditumizira, yokhuthala ngati matiresi, n'kusokera kathumba mkati chakukhwapa lakumanzere. Ndinasoka bwino, ndisaname. Ngakhale telala mnzanga sakanaona pamene padutsa singano.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa chifukwa cha khalidwe la ntchito yanga. Ine chovala sindipereka kwa mwini wake ndisanachiyese. Ndinafuna kudziwa ngati kathumbako kakuoneka ndikakhala pampando, ngati kambalameko kangalire pakati pa anthu, ndiponso ngati nkhope yangayi ingathe kusunga chinsinsi. Lachiwiri la sabata yatha ndinali ndi ulendo wa ku New Amsterdam kukagula nsalu yofewa yosokera mwana wa Shivanie tizovala. Ndinati ndiyesere pomwepo. Ndinalowetsa a Kapitawo m'karola, karola m'kathumba, n'kuvala jekete, zipi mpaka m'khosi. Za kutentha ndinaganizako, koma ndinaganizira thupi langa lokha. Ndinati ndipirira, si patali.

Kondakitala wa minibasi atandiona anagwira pamimba. "Anti, mwafika kale ku America? Tidikireni ife, tikadali ku Berbice." Basi yonse kuseka. Ndinayankha kuti ndikumva malungo, n'kukakhala kumbuyo. Tsoka ilo, amene anakhala pambali panga anali mayi Doreen a kuseri kwa sukulu, aja nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana yafika ku Skeldon. Anandifinyira pakona ndi dengu lawo, n'kuyamba kundifunsa za viza, tsiku lonyamuka, ndi zimene ndikunyamulira achimwene.

Titadutsa Rose Hall tinapeza msewu watsekeka. Alimi anali atayanika mpunga theka la msewu monga amachitira nyengo ino, ndipo lole ina pozemba mpungawo inagwetsera tayala m'ngalande n'kupingasa njira yonse. Basi inaima padzuwa. Mphepo kunalibe, zenera la mbali yathu linali lakufa, ndipo denga linkatentha ngati chiwaya. Thukuta linandiyenderera mpaka m'nsapato. Mayi Doreen anati, "Vulani chinthuchi, mufera mmenemu," n'kugwira zipi. Ndinawamenya dzanja.

Kenako ndinakamva kakupalasa m'nthiti mwanga. Kanali katasiya zimenezo kalekale, koma tsiku limenelo kanapalasa ndi mphamvu zake zonse. Ndinadziwa chimene kakufuna. Chinkafunika n'kungotsitsa zipi, kapena kutsika m'basi n'kupita kuseri kwa mtengo. Koma kuti nditsike, anthu a mizere itatu akanayenera kuyamba atsika, onse akundiyang'ana, ndipo ndinaona kale nkhani ikuyenda mudzi wonse, ikufika m'khutu la munthu wa nsanje, ine n'kugwidwa pabwalo la ndege, Shivanie n'kuchira yekha. Ndinakhala. Kanalira kamodzi, kamawu kakang'ono kamene sindinakamvepo, ndipo ine ndinatsokomola kuti anthu asamve.

Achimwene, ndinatsokomola. Chimenechi ndi chimene chikundisowetsa mtendere kuposa zonse.

Lole itachotsedwa, basi n'kuyamba kuyenda, m'khwapa munali bata. Ndinadzinamiza kuti kagona. Titafika m'tauni ndinathamangira kuchimbudzi cha kuseri kwa sitolo ya nsalu, n'kumasula mphira uja ndi mano. Kanali konyowa ndi thukuta langa, kamlomo kali kotsegula, kamutu kakugwera mbali. Ndinakauzira mpweya, ndinakadonthezera madzi a pampopi, ndinakaitana dzina ngati wamisala. Kanali kakadali kofunda, koma kufundako kunali kwa thupi langa.

Nsalu ija ndinagula ndithu, sindikudziwa kuti ndinasankha bwanji. Mwini sitolo anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro, ndinati ndi chimfine. Kambalameko ndinabwera nako m'chikwama, ndipo ndinakakwirira kuseri, patsinde pa mango aja munabzala inu musanapite. Lamlungu lapitali mutaimba foni n'kunena kuti mukufuna kukamvanso, ndinakuuzani kuti kakusintha nthenga ndiye sikakuimba. Ndinanama. Kakhola kanali patsogolo panga kopanda kanthu, inu mukundilangiza zoti ndizikapatsa dzira lowiritsa.

Ndinabwerera kwa a Bissoon kukawauza. Sanadabwe n'komwe. Anati jekete imavalidwa pakhomo la bwalo la ndege pamene pali mphepo yozizira ya makina, osati m'minibasi ya pa Corentyne masana, ndipo ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Anatinso n'chifukwa chake anandiuza zitatu. Kenako analowetsa dzanja m'khola lalitali lija n'kutulutsa ina, akuti nthawi ikadalipo yoizoloweza ndikayamba lero lomwe. Anandigwiritsa m'dzanja. Kamtima kake kankagunda chimodzimodzi. Ndinawabwezera, ndinati ndaiwala mphika pamoto, ndipo sindinapitekonso.

Tsopano mvetserani chimene ndalembera kalatayi. Sindibweretsa mbalame. Si chifukwa choopa apolisi, ngakhale ndimawaopa. Si chifukwa chakuti njira yake sindikuidziwa, pakuti tsopano ndaidziwa bwino kuposa kale, ndipo mwina ulendo uno ikanafika yamoyo. Koma sindingathenso kukhala pampando kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo ndikumvetsera ngati m'khwapa mwanga mukadali kanthu kopuma. Kathumba kaja ndakasomola, jekete ndachapa, yabwerera mmene inabwerera.

Sindikunena kuti bambo anali munthu woipa, kapena kuti inu ndinu woipa. Ndikudziwa kuti mumaima pakhomo la sitolo ya eni ake tsiku lonse, miyendo ikutupa, anthu akukudutsani osakupatsani moni, ndipo Lamlungu m'mawa ndi nthawi yokhayo imene mumamva ngati muli kwanu. Ine ndemwe ndalawa kukoma kwake, ndipo mpaka lero ndikapondaponda makina khutu limadikira. Mwina a Bissoon akunena zoona kuti ya m'khola imakhalitsa kuposa ya kutchire. Koma iwo amawerenga zokhazo zimene zafika pa msomali n'kuyamba kuimba. Za m'ngalande ndi za m'majekete palibe amazitchula. Mukafuna kutuma wina, anthu onyamula alipo ambiri ndipo sindingakuletseni. Ine ndekha ndiye ayi.

Ndalama munatumiza zogulira mbalame zija zinapita, ndipo ndidzabweza ndi ntchito ya madiresi a Khirisimasi. Za tikiti zili m'manja mwanu. Munanena poyera kuti ndikalephera ndikhale konkuno, ndipo ndikukudziwani kuti mawu anu simukonda kuwabweza, munatengera bambo. Ndinkafuna kulemba kuti sindikupemphani, koma kumeneko kukanakhala kunama kwachiwiri. Ndikukupemphani, achimwene, ndagwira mwendo wanu. Ndiloleni ndidzakhale pambali pa mwana wanga. Koma ngati mtima wanu wakana, mkwiyo wanu uthere pa ine. Shivanie sakudziwa chilichonse cha nkhaniyi, ndipo iye ndi mwamuna wake alibe kwina kopita m'nyengo yachisanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Indranie, ndipo muwawerengere mbali inoyi pang'onopang'ono. Alamu, ngati sindibwera, mwanayo ndamusiya m'manja mwanu. Shivanie sanena akamva ululu, anali choncho kuyambira ali wamng'ono. Mukaona wangoti chete akuluma mlomo wam'munsi, musadikire kuti akuuzeni, itanani galimoto. Kuchipatala musamusiye yekha ndi anthu achilendo, amachita mantha ndi singano ngakhale ndi mwana wa telala. Akachira muzimuphikira msuzi wa nkhuku wothira jinja wambiri, ndipo asakhudze madzi ozizira. Khandalo muzilitikita ndi mafuta a kokonati m'mawa musanalisambitse, miyendo ndi msana, mosaopa, ana athu onse tinawalera choncho. Mchombo ukagwa musautaye, mundisungire m'kansalu.

Moni kwa mkamwini wanga, mumuuze achepetse kuyendetsa galimoto mothamanga, tsopano akhala bambo. Moni kwa ana anu onse, ngakhale aja anaiwala kuti ali ndi azakhali. Inuyo achimwene muzivala masokosi awiri, ndipo mankhwala a shuga musamadumphitse.

Shivanie mumupsompsonere pamphumi. Dzulo pa foni amandiuza kuti wakonza kale pamene ndidzagone, wagula ndi bulangete lachikasu, ndipo ine ndinangoti zikomo mwanangu. Ngati mwaganiza zoti ndisabwere, musamutumizire uthenga kudzera mwa ana kapena kumuuza podutsa pamasitepe. Mutsike nokha, mukhale naye pansi, ndipo mumuuze atamaliza kudya.

Ndine mlongo wanu,

Drupattie